Mmene mungapezere mavuto a anthu m'masewero a ku India olembedwa m'Chingerezi

Ophunzira ambiri akapatsidwa sewero la ku India n'kufunsidwa za mavuto a anthu amene ali mmenemo, amathamangira kulemba mndandanda: nkhanza kwa amayi, tsankho la chipembedzo, umphawi, kupondereza ana aakazi. Mndandandawo sunama, koma ndi fupa lopanda mnofu. Munthu atha kuulemba asanatsegule bukulo n'komwe, ndipo wochonga mayeso amazidziwa zimenezo. Alembi ngati Mahesh Dattani, Manjula Padmanabhan ndi Poile Sengupta sakonda kuika mfundo zawo m'kamwa mwa atengambali. Amazibisa m'kamangidwe ka nsanja, mwa munthu amene waima pakona osalankhula, m'kapu ya madzi imene mayi wa panyumba wainyamula ndi zala ziwiri zokha. Kuti mufike kumeneko mufunika buku la sewerolo, mapepala atatu opanda mizere, pensulo, ndi masiku atatu kapena anayi pa sewero limodzi. Zidule za pa intaneti zisiyeni kaye. Kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo zidulezo zimataya malangizo a mlembi, omwe ndiwo mtima wa ntchito yonseyi.

Linabadwira m'chilankhulo chanji?

Apa ndiye pogwera ambiri. Masewero otchuka a ku India amene amapezeka m'Chingerezi, ambiri mwa iwo ndi omasulira. Vijay Tendulkar ankalemba m'Chimarathi, Badal Sircar m'Chibengali, Mohan Rakesh m'Chihindi. Girish Karnad ndiye msampha weniweni: masewero ake ambiri anawalemba m'Chikannada n'kuwamasulira yekha, choncho pachikuto simupeza dzina la womasulira wina. Tsegulani tsamba la kumayambiriro lomwe limanena za umwini wa buku ndi chaka, muwerengenso mawu oyamba. Ngati funso lanu likunena za masewero olembedwa m'Chingerezi, Tendulkar mungamutchule pofanizira basi, asakhale mzati wa nkhani yanu.

Chilankhulo chimakuuzani amene anakhala pamipando tsiku loyamba. Kalembera wa 2011 anaonetsa kuti anthu olankhula Chingerezi ku India, kuphatikizapo amene ndi chilankhulo chawo chachiwiri kapena chachitatu, ndi pafupifupi mmodzi pa khumi alionse. Sewero la Chingerezi limalembedwera anthu ophunzira a m'mizinda ngati Mumbai, Bengaluru, Delhi ndi Chennai, amene angakwanitse tikiti. N'chifukwa chake nkhani zambiri zimachitikira pabalaza pa banja lopezako bwino, ndipo chala cha mlembi chimaloza oonerera omwewo. Dattani, amene anabadwira ku Bangalore mu 1958, anali woyamba mwa olemba masewero m'Chingerezi kulandira mphoto ya Sahitya Akademi, bungwe la zolembalemba la dziko la India, mu 1998. Kuchedwa kwa mphotoyo kukusonyeza mmene zisudzo za Chingerezi zinkaonedwera ngati mlendo kwawo komwe.

Pepala loyamba: chaka ndi lamulo

Jambulani mzere wa zaka kuchokera 1947 kufika lero, muikepo chaka chimene sewerolo linamveka kapena kuonetsedwa koyamba. Chaka chosindikizira chimasocheretsa. Brides Are Not for Burning la Dina Mehta linapambana mpikisano wa BBC mu 1979, koma buku linatuluka mu 1993, ndipo pakatipo malamulo anali atasintha kwambiri. Dowry ndi chuma, kaya ndalama, golide kapena katundu, chimene banja la mkwatibwi limapereka kubanja la mkwati. Onetsetsani kolowera chumacho: chikuchoka kuchikazi kupita kuchimuna, ndipo n'chifukwa chake mwana wamkazi amaonedwa ngati ngongole. Lamulo loletsa dowry ndi la 1961, koma linalibe mano. Mu 1983 m'malamulo a milandu munabwera ndime 498A yolanga mwamuna ndi abale ake akamazunza mkazi. Mu 1986 panawonjezedwa ndime 304B, yonena za mkazi amene wafa imfa yokayikitsa zaka 7 za ukwati zisanathe, pali umboni woti amavutitsidwa chifukwa cha dowry. Mtsikana wa m'sewero la Mehta, amene akufuna chilungamo pa imfa ya mkulu wake wofa ndi moto kubanja, akulimbana ndime ziwirizi kulibe. Mukamamuwerenga ndi malamulo a lero, ukali wake uoneka ngati wonyanyira pomwe suli choncho.

Chitani chimodzimodzi ndi masewero ena. Tara la Dattani ndi la 1990, ndipo lamulo loletsa kuunika mimba pofuna kudziwa ngati mwana ndi wamkazi linabwera mu 1994. Mwa ana osapitirira zaka 6, kalembera anapeza atsikana 945 pa anyamata 1,000 alionse mu 1991, kenako 927 mu 2001, ndi 919 mu 2011. On a Muggy Night in Mumbai, la Dattani yemweyo, ndi la 1998, pamene ndime 377, yochokera m'malamulo a atsamunda a 1860, inkachititsa kugonana kwa amuna okhaokha kukhala mlandu. Khoti lalikulu la ku Delhi linaifooketsa mu 2009, khoti la Supreme linaibwezeretsa mu 2013, ndipo linadzaichotsa mphamvu pa akuluakulu ogwirizana pa 6 Seputembala 2018. Wophunzira amene amafunsa kuti n'chifukwa chiyani amuna a m'sewerolo akubisala m'maukwati abodza, ndiye kuti sanajambule mzerewu. Harvest la Padmanabhan linapambana mphoto ya Onassis ku Greece mu 1997, patangopita zaka zitatu India ataletsa malonda a ziwalo za anthu mu 1994. Seven Steps Around the Fire la Dattani linamveka pa wailesi ya BBC mu 1999, ndipo khoti la Supreme linadzavomereza mu 2014 kuti pali anthu amene sali m'gulu la amuna kapena la akazi. Thirty Days in September ndi la 2001, pomwe lamulo lapadera loteteza ana ku nkhanza za kugonana ndi la 2012.

Zinthu ziwiri zazing'ono zimene zimachotsetsa malikisi. Kuyambira pa 1 Julayi 2024 India ali ndi buku latsopano la malamulo a milandu, Bharatiya Nyaya Sanhita, ndipo manambala a ndime anasintha, choncho mukatchula 498A kapena 377 muzitchulanso chaka. Chachiwiri ndi mayina a mizinda: Bombay inakhala Mumbai mu 1995, Madras inakhala Chennai mu 1996, Bangalore inakhala Bengaluru mu 2014. Tsatirani dzina limene mlembi wagwiritsa ntchito.

Pepala lachiwiri: jambulani nsanja

Werengani sewerolo katatu. Ulendo woyamba muwerenge lonse pa nthawi imodzi, maola awiri kapena atatu, pensulo ili pansi. Ulendo wachiwiri mudumphe zolankhula zonse, muwerenge malangizo a mlembi okhaokha, aja olembedwa mopendekera, n'kujambula zimene akunena. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ulendo wachiwiriwu ndi umene ambiri amaujomba. Wachitatu ndi wowerenga mokweza ndi anzanu, tiufika.

Titenge Final Solutions la 1993. Dattani akufuna chikweza chopindika ngati mwezi wongooneka kumene, chozungulira nsanja. Mkati mwake muli nyumba ya banja la Gandhi, lomwe silikhudzana ndi Mahatma Gandhi, ndi dzina chabe lofala ku Gujarat. Mipando ya m'nyumbamo ndi zidutswa za matabwa basi. Malo awiri okha ndi amene akonzedwa mwatsatanetsatane: khitchini ndi kachipinda kopemphereramo. Mukajambula muona msanga chifukwa chake. Awa ndi malo amene malamulo a chiyero amalamulira, ndipo ndi amene anyamata awiri Achisilamu, Javed ndi Bobby, othawira m'nyumbamo usiku wa chipolowe, sakuyenera kuwakhudza. Aruna, mayi wa panyumbapo, amawapatsa madzi, koma makapu amene amweramo amawanyamula mosamala kuti asakhudze pomwe pafika milomo yawo, n'kuwaika padera. Chakumapeto Bobby amalowa m'kachipinda kopemphereramo n'kunyamula chifanizo cha Krishna, mulungu wa Ahindu, m'manja mwake. Zochitika ziwirizi zimanena zambiri kuposa mtsutso wonse wa pabalaza.

Pachikweza paja pali amuna 5 ndi zigoba za kumaso 10 zomangirira ku ndodo, 5 za Ahindu ndi 5 za Asilamu. Amuna omwewo akanyamula zigoba izi ndi chikhamu cha Ahindu olusa, akanyamula izo ndi cha Asilamu. Musalembe kuti m'sewero muli magulu awiri a anthu ochita chipolowe. Gulu ndi limodzi, chimasintha ndi chigoba, ndipo mfundo ya mlembi yagona pamenepo. Pamalo ena okwera pali tebulo ndi nyale ya Daksha, mtsikana wongokwatiwa kumene amene akulemba zochitika za moyo wake mu 1948. Daksha ndi Hardika, agogo a m'nyumbamo, ndi munthu mmodzi, ndipo onse awiri amaoneka pansanja. Choncho chilonda cha 1947, pamene India ndi Pakistan anagawikana, chili m'chipinda momwemo ndi chipolowe cha lero. Anthu amene anaonera sewerolo mu 1993 anali atangoona mzikiti wa Babri ukugwetsedwa ku Ayodhya pa 6 Disembala 1992 ndi ziwawa za ku Bombay zimene zinatsatira. Komabe musalembe kuti sewerolo likunena za Ayodhya. Likuchitikira m'tauni ya Amargaon, ndipo choyambitsa chipolowe ndi kusokonezedwa kwa mdipiti wa Ahindu wokoka ngolo ya milungu.

Tara nalo lili ndi nsanja ya misinkhu. Pansi pali nyumba ya a Patel, makolo a mapasa Tara ndi Chandan. Pena pali kachipinda ka ku London komwe Dan, yemwe ndi Chandan atakula, akuyesa kulemba nkhani ya mlongo wake. Pamwamba pakhala Dr Thakkar, amene sachokapo. Dokotala ali pamwamba ngati mulungu, banja lili pansi pake, ndipo zonse zimene tikuona zikudutsa m'mutu mwa mnyamata amene anakonderedwa. Tara sakufotokoza yekha nkhani yake. Dan mwini amadziwa zimenezi, ndipo pomaliza amapepesa kwa mlongo wakeyo chifukwa chosandutsa tsoka la Tara kukhala lake. Nkhani yabwino ya Tara iyenera kufunsa funso limeneli: kodi sewero lodzudzula kukondera mwana wamwamuna likuchitanji popereka pakamwa kwa mwana wamwamuna?

Mu Dance Like a Man la 1989 chinsinsi chili pa kagawidwe ka mbali. Ochita sewero ndi anayi okha. Amene akuchita mbali ya Jairaj wokalamba akafunda nsalu paphewa amasanduka Amritlal, bambo ake omwe anamuletsa kuvina gule wa Bharatanatyam. Lata, mwana wa Jairaj ndi mkazi wake Ratna, pamodzi ndi bwenzi lake Viswas amasanduka Ratna ndi Jairaj ali achinyamata. Pa chojambula chanu kokani mivi yoonetsa kusinthaku. Mwana woponderezedwa ndi bambo wopondereza akuvala thupi limodzi, ndipo palibe mtengambali amene akufunika kunena kuti nkhanza za makolo zimatengera.

Pepala lachitatu: olankhula, achete, ndi osaoneka

Gawani pepalalo patatu. Mbali yoyamba lembani olankhula kwambiri. Sankhani masamba 5 koyambirira, 5 pakati, 5 kumapeto, muziika kamzere pa dzina la munthu nthawi iliyonse akatsegula pakamwa. Mbali yachiwiri ndi ya amene ali pansanja koma salankhula kapena amangoyankha. Yachitatu ndi ya amene amatchulidwa koma saoneka. Mwini vuto kawirikawiri mumupeza m'mbali yachiwiri kapena yachitatu.

Lights Out la Padmanabhan ndi pophunzirira pabwino. Banja la Leela ndi Bhasker limakhala m'mwamba m'nyumba yosanjikizana, ndipo usiku ndi usiku kukumveka kukuwa kwa mkazi amene akugwiriridwa ndi gulu la amuna m'nyumba yosatha kumangidwa pafupi pomwepo. Mkaziyo sitimuona. Timangomva mawu ake. Amene akudzaza masamba ndi Bhasker ndi mnzake Mohan, omwe akusinthasintha mafotokozedwe: mwina ndi mwambo wachipembedzo, mwina akutulutsa ziwanda, mwina mkaziyo ndi woyendayenda ndiye si mlandu. Lembani mafotokozedwewa motsatana, muona kuti alionse ali ndi ntchito imodzi, yowamasula kuti asaimbire apolisi. Leela akufuna apolisi, inde, koma werengani bwino chifukwa chake: phokosolo likumusowetsa mtendere m'nyumba mwake. Mlendo wina, Surinder, akafika ndi ukali wofuna mipeni, nayenso akuteteza ulemu wake monga mwamuna. Pomwe amamaliza kukangana, achiwembu apita kale. Ndiye pali Frieda, wantchito wa m'nyumba, amene amalowa ndi kutuluka, kukonza tebulo, kubweretsa zimene watumidwa, osanena liwu ndi limodzi lomwe sewero lonse. Pomaliza pamaonetsedwa mawu ofotokoza kuti nkhaniyi inachokera pa zimene zinachitikadi ku Santa Cruz, ku Bombay, mu 1982. Wophunzira akalemba kuti mfundo yaikulu ya sewerolo ndi kugwiririra, wangokhudza khungu. Mlandu umene uli pansanja ndi wa anthu ophunzira amene ali ndi foni, chakudya ndi Chingerezi chabwino, n'kugwiritsa ntchito zonsezo pozemba.

Mbali yachitatu ya pepala imadzaza msanga mukazolowera. Mu Free Outgoing la Anupama Chandrasekhar, lomwe linaonetsedwa ku Royal Court ku London mu 2007, mtsikana wa ku Chennai amene kanema wake wafalitsidwa pa mafoni saoneka ndi kamodzi komwe. Timaona mayi ake amasiye akulimbana ndi sukulu, anansi ndi atolankhani. Mu Mangalam la Sengupta la 1993, mkazi amene dzina lake ndilo mutu wa sewero wamwalira kale. Mu Seven Steps Around the Fire, Kamla waphedwa nkhani isanayambe. Mukapeza wosaonekayo, dzifunseni kuti ndani akumulankhulira, ndipo akupindula chiyani.

Tsatirani ndalama

Kuseri kwa pepala lachitatu lembani funso limodzi: mwini nyumba, sitolo kapena chuma ndani? Ambiri amafotokoza masewerowa ngati nkhani za miyambo yachikale yolimbana ndi moyo wamakono. Kafotokozedwe kameneka n'kaulesi, chifukwa pafupifupi m'sewero lililonse mwambo ukuyenda ndi ndalama.

Tara ndi Chandan anabadwa ataphatikana, ali ndi miyendo itatu. Magazi opita ku mwendo wachitatu ankachokera kwambiri kwa mtsikana, kotero ukanakhala bwino pa iye. Mayi awo Bharati ndi bambo ake a Bharati, munthu wandale wachuma, anagwirizana ndi dokotala kuti mwendowo upite kwa mnyamata, dokotala n'kulandira malo ku Bangalore omangapo chipatala chake. Mwendowo unangokhala masiku awiri n'kudulidwa. Agogowo pomwalira anasiyira Chandan chuma, Tara osamusiyira kanthu. Onani kuti nkhanzayi yachitika ndi madokotala apamwamba, opaleshoni yamakono ndi chiphuphu, m'banja lophunzira. Mu Final Solutions, Ramnik, mwamuna wa Aruna, amene akuoneka womasuka maganizo, mpaka kulonjeza Javed ntchito m'sitolo yake, amaulula pomaliza kuti sitoloyo inali ya banja Lachisilamu, ndipo bambo ake ndi agogo ake anaitenthetsa n'kuigula pa theka la mtengo. Mukadziwa izi, bwererani mukawerengenso kukoma mtima kwake koyambirira kuja. Amritlal amalamulira Jairaj chifukwa nyumba ndi thumba ndi zake, ndipo Jairaj ndi Ratna atachoka mokwiya anabwerera patangotha masiku awiri.

Harvest ndiye limaika ndalama poyera. Om Prakash, atasowa ntchito ku Mumbai, akusaina pangano ndi kampani ya InterPlanta Services kuti ziwalo zake zidzaperekedwe kwa munthu wolemera wakunja. Banja lake lokhala m'chipinda chimodzi likulandira chimbudzi, chakudya ndi zipangizo, koma likulamulidwa nthawi yodyera ndi kasambidwe kudzera m'makina olenjekeka m'nyumbamo. Lembani chilichonse chimene banjalo lalandira, ndipo pambali pake mulembe chimene lataya pa gawo lomwelo. Mndandanda umenewo ndi nkhani yanu kale.

Amayi amene agwira nawo mpeni

Cholakwika china chofala ndi kugawa atengambali pawiri, amuna oipa uku, akazi ozunzidwa uku. Masewero abwino a gululi salola zimenezo. Amene anavomera kuti mwendo upite kwa mnyamata ndi mayi, ndipo chikondi chake chonyanyira pa Tara, mpaka kufuna kumupatsa impso yake, ndi chikumbumtima chimene chikumudya. Ratna amagwirizana ndi apongozi ake kuti iye apitirize kuvina, mwamuna wake afooketsedwe. Mu Thirty Days in September, lomwe Dattani analemba atapemphedwa ndi bungwe la RAHI la ku Delhi lothandiza amayi amene anachitidwa nkhanza ndi achibale ali ana, Shanta amathawira ku mapemphero ndi kuphika mwana wake Mala akafuna kulankhula za amalume ake. Pomaliza zimadziwika kuti Shanta nayenso anachitidwa zomwezo ndi mchimwene wake yemweyo. Musathamangire kuweruza kapena kukhululukira. Funsani kuti mayiyu akanakana akanataya chiyani: denga, ndalama za mwezi ndi mwezi, dzina la banja, kapena mwayi wokhawo wogwira ntchito imene amaikonda.

Chingerezicho, ndi zimene chimabisa

Pa ulendo wachitatu, khalani anthu anayi kapena asanu, mugawane mbali, muwerenge mokweza. Pa tsamba lililonse dzifunseni kuti anthuwa akanakhala amoyo akanalankhula chilankhulo chanji. Achinyamata a ku koleji akanalankhuladi Chingerezi. Agogo Hardika akanalankhula Chigujarati, ndipo Chingerezi chawo ndi chovala chimene mlembi wawabwereka. Dulani mzere pansi pa mawu amene sanamasuliridwe. Kawirikawiri ndi a chibale, chakudya, mapemphero ndi zotukwana.

Mu Seven Steps Around the Fire nkhondo ili pa mlowam'malo. Anthu otchedwa hijra, ambiri obadwa ngati amuna koma okhala moyo wachikazi, amakhala m'magulu pansi pa mtsogoleri wawo, ndipo amaimba ndi kuvina pa maukwati ndi pobadwa mwana. Wapolisi amene akuperekeza Uma Rao, mayi wochita kafukufuku, kundende amatchula Anarkali, hijra womangidwa pomuganizira kuti anapha Kamla, ndi mlowam'malo wa Chingerezi wa zinthu zopanda moyo, pomwe Uma amagwiritsa ntchito wa munthu wamkazi. Werengani kuti ndani akugwiritsa ntchito uti, ndipo kangati. Mutu wa sewerolo ukuchokera ku mwambo wa ukwati wa Chihindu, ndipo lamulo la maukwati a Ahindu la 1955 limati pamene mwambowu watsatidwa, ukwati umamangika pa phazi lachisanu ndi chiwiri. Kamla, yemwenso anali hijra, anakwatiwa mobisa ndi mwana wa nduna, ndipo n'chimene anafera. Anthu amene amaitanidwa kudzadalitsa maukwati a ena saloledwa kukhala ndi wawo.

Tinene chilungamo pa malire a zisudzozi. Nkhani ya caste, magulu amene munthu amabadwiramo ndipo amatsogolera ukwati, ntchito ndi amene angadye naye, siimveka mwamphamvu m'masewero ambiri a Chingerezi monga imamvekera m'Chimarathi. Ndime 17 ya malamulo aakulu a dziko a 1950 inathetsa mchitidwe wosala anthu ngati osakhudzika, ndipo mu 1989 panabwera lamulo lolanga nkhanza zochitira magulu amenewa, koma Adalit, omwe ndi anthu osalidwawo, sapezeka kawirikawiri pabalaza pa Dattani. Caste mumaipeza m'mbali: m'malamulo a chiyero a Aruna, mu mkwiyo wa Amritlal pomva kuti mpongozi wake akukaphunzira gule kwa mayi wokalamba wa gulu la devadasi, akazi ovina m'makachisi amene mwambo wawo unaletsedwa ku Madras mu 1947. Kutchula kusowa kumeneku m'nkhani yanu ndi mfundo yamphamvu. Koma musamalote caste ya munthu pongoona dzina la bambo ake. Gwiritsani ntchito zimene sewero lanena, monga zoti Patel ndi wa ku Gujarat, Bharati ndi wolankhula Chikannada, ndipo ukwati wawo unamudanitsa Patel ndi abale ake, zomwe zinamusiya wopanda mphamvu pamaso pa apongozi ake olemera.

Kusandutsa mapepalawo kukhala nkhani

Ndime iliyonse ya nkhani yanu iyambe ndi chochitika chimodzi cha pansanja, ndi tsamba lake. Kenako nenani amene wapindula ndi amene wataya pa chochitikacho, mubweretse chaka kapena lamulo kuchokera pa pepala loyamba m'chiganizo chimodzi kapena ziwiri, mumalize ndi chimene sewerolo laona bwino kapena lalephera kuona. Pa nkhani ya mawu 1,500, masewero awiri ndi zochitika zitatu kapena zinayi n'zokwanira. Amene amatchula masewero 7 amathera pofotokoza tsatanetsatane wa nkhani basi. Ziwerengero za kalembera zisapitirire chiganizo chimodzi, chifukwa mukulemba za zisudzo. Pewaninso mawu akuti "chikhalidwe cha Amwenye" ngati kuti n'chimodzi. Banja la amalonda a ku Gujarat, banja la Chitamil ku Chennai ndi anthu okhala m'chipinda chimodzi ku Mumbai amasiyana chilankhulo, chakudya ndi malamulo a ukwati.

Ngati mukufuna kulionetsa

Pemphani kaye chilolezo kwa mlembi kapena kwa amene atchulidwa pa tsamba la umwini, ngakhale polowa pakhale paulere. Dance Like a Man lifuna anthu 4, Lights Out 6, Final Solutions 12 kuphatikizapo a zigoba aja. Musawonjezere anthu pofuna kuti aliyense apeze mbali. Mukapatsa Amritlal munthu wakewake, kapena mukagawa a zigoba kukhala magulu awiri, mwachotsa mfundo ija tinaipeza pojambula. Ochita sewero asayerekeze kalankhulidwe ka Amwenye ka nthabwala, chifukwa oonerera amayamba kuseka munthu m'malo momva nkhani. Mayina okha ndiwo muphunzire kutchula bwino. Pa Thirty Days in September ndi Lights Out chenjezani anthu pa chikalata choitanira, ndipo pakhale munthu wodziwa uphungu amene angalankhule ndi wina aliyense wokhudzidwa, kuyambira ndi ochita sewero omwe pa nthawi yokonzekera.

Pa Lights Out chiyeso chachikulu ndi chofuna kuonetsa zimene zikuchitika kunja kwa zenera, kaya ndi zithunzithunzi kapena anthu kuseri kwa nsalu. Musatero. Oonerera akaona, amasanduka Mohan amene wabwera kudzaonerera. Kukuwako kuchokere mbali imodzi, kunja kwa zenera, kuyambe motsika moti munthu n'kukayika ngati wamvadi, kuzikwera gawo ndi gawo, koma kusaphimbe zolankhula za patebulo. Mbali ya Frieda muipereke kwa mmodzi mwa ochita bwino kwambiri m'gulu lanu, ndipo mugwirizane naye pasadakhale malo atatu kapena anayi pamene adzaime n'kuyang'ana kuzenera, ndi masekondi angati asanapitirize kukonza mbale.